Chotheka, Chololedwa ndi Choyenera

Pa 29 Febuluwale 2012, ku Britain kudayamba kugulitsidwa kakompyuta kamene kadadabwitsa anthu ambiri. Dzina lake ndi Raspberry Pi. Kukula kwake n'kofanana ndi khadi lotengera ndalama kubanki, kotero kuti munthu angathe kukafumbata m'dzanja kapena kukaponya m'thumba la malaya. Kalibe bokosi, kalibe sikirini, kalibenso kiyibodi. Ziwalo zake zonse zidamatidwa pakabolodi kamodzi kobiriwira, ndipo n'chifukwa chake makina a mtundu umenewu amatchedwa makompyuta a bolodi limodzi. Mtengo wake udali madola 35 okha. Eben Upton ndi anzake a ku Cambridge adakakonza ataona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta payunivesite akuchepa, ndiponso kuti obwerawo sakudziwa zimene zimachitika m'kati mwa makinawo. Cholinga chawo chidali chakuti mwana akhale ndi kompyuta yakeyake yoti aziiyesa mopanda mantha, popeza ngakhale itawonongeka makolo sangataye tulo. Pofika chaka cha 2024, timakompyuta toposa 60 miliyoni tidali titagulidwa padziko lonse.

Koma kabolodi pakokha n'kosalankhula ngati mwala. Kuti kagwire ntchito pamafunika pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene pa Chingerezi amaitcha operating system. Pulogalamu imeneyi ili ngati kapitawo pantchito: imauza chiwalo chilichonse chochita, imasunga zolembedwa m'malo mwake, ndiponso imamasulira zofuna za munthu kuti makina amve. Zodziwika kwambiri ndi Windows ya kampani ya Microsoft, macOS ya kampani ya Apple, ndi Linux. Opanga Raspberry Pi amapereka yawo mwaulere, yochokera ku Linux, imene munthu amaiika pakakhadi ka SD n'kulowetsa m'kabolodimo. Komabe alipo achinyamata ambiri amene mtima wawo sukhazikika nayo. Iwo amaona Windows m'maofesi, m'mabanki ndi m'masukulu, ndipo amalakalaka kuiona ikuyenda pakabolodi kawo. Wina akawachenjeza kuti eni ake sadalole, iwo amayankha kuti kabolodiko adagula ndi ndalama zawo, tsono ndani angawaletse kuikamo chimene afuna?

Yankho limeneli limamveka lanzeru, koma m'kati mwake mwabisala mafunso atatu amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti, kodi chinthucho n'chotheka? Lachiwiri, kodi n'chololedwa? Lachitatu, kodi n'choyenera? Lililonse liyenera kuyankhidwa palokha, pakuti mnyamata wodziwa kukwera mtengo wa mnansi sakhala mwini wa mango ake chifukwa cha luso lakelo.

Funso loyamba ndi la amisiri. Ubongo wa kompyuta, umene umatchedwa purosesa, uli ndi chilankhulo chakechake. Makompyuta ambiri a m'maofesi amayendera mapurosesa a Intel kapena AMD, pamene Raspberry Pi imayendera purosesa ya mtundu wa ARM, wonga wa m'mafoni a m'manja. Pulogalamu yolembedwera mtundu umodzi siimveka kwa unzake, monga momwe kalata ya m'Chiarabu imakhalira kwa munthu wodziwa Chichewa chokha. Pachifukwa ichi Windows ya m'maofesi siingayende pakabolodi kameneka. Mu 2015 Microsoft idatulutsa mwaulere Windows 10 IoT Core yoyenda pa Raspberry Pi 2, koma imeneyi idali ya amisiri opanga zipangizo, ndipo idalibe maonekedwe amene anthu adazolowera. Kumapeto kwa 2017 kampaniyi idaonetsa Windows 10 yathunthu ya ARM, yokonzera malaputopu a mapurosesa a Qualcomm. Apa anthu okonda kuyesa zinthu adapezerapo danga. Adalemba okha timapulogalamu todzutsira makina ndi tolumikiza ziwalo, kufikira Windows idaoneka pa Raspberry Pi 3, kenaka pa Raspberry Pi 4 imene idatuluka mu 2019.

Kuoneka idaoneka, koma kuyenda kwake kudali kotsimphina. Makina adali kuchedwa, zithunzi zoyenda zidali kudodoma, ndipo kachipangizo kolumikizira ku intaneti popanda mawaya sikadagwire ntchito. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, idawonjeza zofuna zake. Imafuna malo osungira zinthu okwana magigabaiti 64 ndiponso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene Raspberry Pi ilibe, kotero woyesayo amayenera kuzemba mlonda amene eni ake adaika pakhomo. Zinthu zikavuta, kampani siimuthandiza. Za macOS n'zovutirapo, chifukwa ngakhale Apple idayamba kugwiritsa ntchito mapurosesa a banja la ARM m'makompyuta ake mu 2020, mapangidwe ake ndi ayokha. Motero yankho la funso loyamba ndi lakuti Windows n'kutheka kuiyendetsa, koma kuli ngati kusenzetsa njinga katundu wa lole. Phindu lenileni limene woyesayo amapeza ndi luso, osati kompyuta yodalirika yogwirira ntchito.

Funso lachiwiri ndi la malamulo. Munthu akagula njinga, njingayo ndi yake. Angathe kuipaka utoto, kuibwereketsa kapena kuigulitsa osapempha amene adaipanga. Kabolodi nako n'chimodzimodzi. Koma pulogalamu yotsekedwa, ngati Windows kapena macOS, siigulidwa m'njira imeneyi. Chimene munthu amalipira ndi chilolezo choigwiritsa ntchito, chimene chimatchedwa laisensi, ndipo umwini umatsala m'manja mwa kampani. Iye amafanana ndi wochita lendi nyumba, amene amagonamo mwaufulu koma sangagumule khoma popanda mawu a mwini wake. Paja akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Muzu wa lamuloli ndi wakale. Mu 1710 nyumba ya malamulo ya ku Britain idapatsa olemba mabuku ufulu wa zaka 14 woti wina asasindikize mabuku awo atsopano popanda chilolezo. Mu 1886 maiko adagwirizana mumzinda wa Berne kuti azitetezerana ntchito za olemba ndi aluso awo, ndipo pambuyo pake mapulogalamu a makompyuta adayamba kuwerengedwa m'gulu la zolembedwa. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 1991, lidakhazikitsa bungwe la COSOMA mu 1992, ndipo lidakonzanso lamulo lake la umwini wa ntchito zaluso mu 2016. Kotero wophunzira wa ku Zomba kapena ku Mzuzu sangati nkhani imeneyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha.

Mlandu wodziwika bwino pankhaniyi udachitikira ku America. Laisensi ya Apple imanena kuti pulogalamu yake iziikidwa pamakompyuta a Apple okha. Mu Epulo 2008 kampani yaing'ono ya ku Florida, dzina lake Psystar, idayamba kugulitsa makompyuta otsika mtengo oikidwa kale pulogalamuyo. Apple idaisumira mu Julayi chaka chomwecho. Mu Novembala 2009 woweruza William Alsup adagamula kuti Psystar idaphwanya umwini wa Apple, ndipo kampaniyo idavomera chipepeso cha madola pafupifupi 2.7 miliyoni. Bwalo la apilo lidatsimikiza chigamulocho mu 2011. Makompyuta a Psystar sadali a bolodi limodzi, koma phunziro lake limakhudza timabolodi tomwe: kukhala mwini wa chitsulo sikupatsa munthu ufulu pa pulogalamu ya wina. Kumbali ya Microsoft, kampaniyi idanena mu 2020 kuti laisensi ya Windows ya ARM imaiperekera kwa opanga makompyuta okha. Mu 2024 idayamba kulola aliyense kutenga Windows 11 ya ARM pa intaneti, komabe laisensi yake ndi yogula, ndipo Raspberry Pi siili m'gulu la makina ovomerezeka.

Kuyenera kunenedwanso kuti si mawu onse a m'laisensi amene bwalo lililonse limawalemekeza. Mu 2012 bwalo lalikulu la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, pamlandu wa UsedSoft ndi Oracle, lidagamula kuti wogula laisensi yopanda malire a nthawi angathe kuigulitsanso ngakhale pangano likuletsa. Malamulo amasiyana malinga ndi dziko, ndipo amasintha ndi nthawi.

Kusiyana kwa chotheka ndi chololedwa kudaonekera ngakhale m'kati mwa Raspberry Pi momwe. Purosesa ya timabolodi toyamba idali nayo kale mphamvu yoonetsa kanema wa mtundu wa MPEG-2, umene ndi wa pa DVD, koma mphamvuyo idali yotsekedwa chifukwa nzeru yake idali ndi eni. Mu Ogasiti 2012 opanga kabolodika adayamba kugulitsa nambala yotsekulira pamtengo wa mapaundi 2.40, ndipo nambala iliyonse idali kugwira pakabolodi kamodzi kokha. Chitsulo chidali m'manja mwa wogula, mphamvu idali m'chitsulomo, koma chilolezo chidali kwina.

Funso lachitatu ndilo lolemera koposa, chifukwa likukhudza chikumbumtima. Amene amati palibe cholakwa ali ndi mfundo zosayenera kunyozedwa. Poyamba, iwo amati kukopera pulogalamu kuli ngati kupala moto. Kumudzi, moto ukazima, mayi amatuma mwana ndi phale kwa mnansi, ndipo moto wa mnansiyo suchepa ngakhale pang'ono. Mbala ya mbuzi imasiya khola lili pululu, pamene wokopera amasiya mwini ali nacho chake chonse. Chachiwiri, iwo amati laisensi si pangano lenileni, chifukwa mbali imodzi ndiyo imalemba, m'Chingerezi chovuta cha maloya, ndipo inayo imangouzidwa kuvomera kapena kuchoka. Chachitatu ndi umphawi. Mtengo wa laisensi ya Windows yogula payokha umaposa madola 35 aja kangapo, pamene kampaniyo ndi imodzi mwa zolemera kwambiri padziko. Chachinayi ndi maphunziro: nzeru zimakula pamene anthu akumasula zinthu ndi kuziyesa m'njira zimene eni ake sadaganizire.

Mfundo zimenezi ziyenera kuyesedwa imodziimodzi. Fanizo la moto ndi lokoma, koma likuiwala zinthu ziwiri. Wopala moto amaodira pakhomo, ndipo amatenga khala atalandiridwa. Salowera pazenera usiku. Ndiponso moto uli ndi nkhuni zimene wina adakatola kuphiri. Mudzi wonse ukamadalira moto wa banja limodzi popanda wothandiza kutola nkhuni, tsiku lina motowo udzazima. Dandaulo limeneli ndi lakale ngati makompyuta aang'ono omwe. Mu Febuluwale 1976 Bill Gates, ali ndi zaka 20, adalemba kalata yodzudzula anthu okonda makompyuta amene adali kukopera pulogalamu yake ya BASIC ya makina a Altair. Iye adadandaula kuti amene adalipira sadafike ngakhale mmodzi mwa eni makina khumi alionse, ndipo adafunsa ngati alipo munthu amene angagwire ntchito yaluso popanda malipiro. Wophunzira amene amamvera chisoni woimba wa kwawo pamene nyimbo zake zikuwotchedwa pamamemori khadi kumsika, woimbayo osaonapo ndi tambala yemwe, akuimva kale mfundo imeneyi. Zoona, kampani yolemera siimva kuwawa ngati woimba wosauka. Kulemera kwa mwini kumachepetsa bala, koma sikusintha dzina la mchitidwewo.

Nanga za pangano lolembedwa ndi mbali imodzi? Kudandaula kumeneku n'komveka, ndipo ndicho chifukwa chake maboma ndi mabwalo amayenera kuyang'anitsitsa makampani aakulu. Komabe munthu amene wadina batani lovomera, mumtima akudziwa kuti sadzasunga zimene wavomerazo, wanena bodza. Kusawerenga sikumupulumutsa, paja safunsa adadya phula. Amene waona kuti panganolo ndi lopanda chilungamo ali ndi ufulu wolikana poyera n'kuchoka. Ufulu wolivomera ndi pakamwa n'kuliphwanya kuseri alibe.

Kunena zoona, mnyamata woyesa Windows pakabolodi m'chipinda mwake sadzaona wapolisi pakhomo. Makampani sataya ndalama kusaka anthu otere. Koma apa m'pamene funso la makhalidwe limafika pachimake. Plato, katswiri woganiza mozama wa ku Greece, adalemba m'buku lake lotchedwa Republic nthano ya mbusa amene adatola mphete yomuchititsa kuti asamaoneke. Atazindikira kuti palibe womuona, mbusayo adapha mfumu n'kulanda ufumu. Funso la nthanoyo ndi lakuti, kodi anthu amachita chilungamo chifukwa chochikonda kapena chifukwa choopa kugwidwa? Chipinda chotseka ndi intaneti zili ngati mphete ija. Munthu amene kukhulupirika kwake kumathera pamene maso a anthu athera, ndiye kuti adalibe kukhulupirika, adali ndi mantha chabe. Ndipo chizolowezi chimene chayambira patinthu tating'ono sichithera pomwepo. Mnyamata wozolowera kunena kuti palibe akuona adzanenanso chimodzimodzi tsiku limene adzasungitsidwe ndalama za boma.

Izi sizikusonyeza kuti milandu yonse ndi yofanana. Wophunzira amene wagula laisensi, nayesa pulogalamuyo pakabolodi kake kuti aone m'mene imayendera, sadadyere munthu thukuta lake. Ngati pali cholakwa, n'chopepuka, ndipo anthu oganiza bwino angasiyane maganizo pa iye. Wina amene wafunafuna nambala yakuba kuti asalipire wapitirira malire, chifukwa akudya za eni mwadala. Woipitsitsa ndi wamalonda amene amaika mapulogalamu akuba pamakina n'kumagulitsa kwa anthu osadziwa, pakuti iye walakwira mwini pulogalamu ndi wogula yemwe. Mphunzitsi amene angadzaze chipinda chophunzirira ndi mapulogalamu otere naye akhala ataphunzitsa ana zinthu ziwiri nthawi imodzi: kugwiritsa ntchito kompyuta, ndi kuona chinyengo ngati chinthu wamba.

Mfundo ya umphawi ndiyo imagwira mtima kwambiri. Munthu wanjala amene wazula chinangwa m'munda wa eni amaweruzidwa mwachifundo chifukwa moyo wake udali pachiswe ndipo adalibe kolowera. Koma mwini kabolodi ali nako kolowera. Nsima yaulere ili kale pamkeka, ndipo mbiri ya m'mene idafikira pamenepo ndi yofunika kuidziwa. Richard Stallman, katswiri wa mapulogalamu pasukulu ya MIT ku America, adanyansidwa ndi mapulogalamu otsekedwa. Iye adakhulupirira kuti kuletsa munthu kugawana pulogalamu ndi mnzake n'kuipitsa ubale wa anthu. Komabe sadasankhe kuba. Mu 1983 adalengeza ntchito ya GNU yolemba mapulogalamu atsopano a aliyense, ndipo mu 1989 adatulutsa laisensi ya GPL imene imalola munthu kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuiphunzira, kuisintha ndi kuigawa, malinga asamane ena ufulu womwewo. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 payunivesite ya Helsinki ku Finland, adayamba kulemba phata la Linux, ndipo anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana adathandizapo, popeza mutu umodzi susenza denga. Zipatso za ntchito imeneyi ndizo zimene zimayendetsa Raspberry Pi popanda kulipira kapena kubisala.

Ngakhale chitseko chotseka chimatha kutseguka anthu akagogoda modekha. RISC OS, pulogalamu imene idayambira kukampani ya Acorn ku Cambridge mu 1987, idali ndi eni ake kwa zaka zambiri. Okonda pulogalamuyi adakambirana ndi eni akewo, ndipo mu 2012 idayamba kuyenda pa Raspberry Pi movomerezeka. Mu 2018 idamasulidwa kwathunthu kuti aliyense aigwiritse ntchito ndi kuisintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Motero ngakhale mfundo ya maphunziro ija imapeza yankho lake pano. Wofuna kudziwa m'mene kompyuta imaganizira amaphunzira zambiri papulogalamu imene malangizo ake onse ali poyera kusiyana ndi imene amangoisuzumira pazenera.

Pomaliza, mafunso atatu aja ali ndi mayankho osiyana. Kuyendetsa pulogalamu ya eni pakompyuta ya bolodi limodzi n'kotheka nthawi zina, ngakhale movutikira. Kuloledwa kwake kumadalira mawu a laisensi ndi malamulo a dziko, ndipo kawirikawiri chilolezocho chimakhala chopapatiza kapena palibiretu. Kuyenera kwake kumadalira ngati munthuyo walemekeza thukuta la mnzake ndi mawu amene iye mwini adavomera. Ludzu lofuna kudziwa ndi labwino, ndipo Raspberry Pi idapangidwira anthu aludzu lotere. Wachinyamata amene waona kuti malamulo a makampani ndi okondera ali ndi njira zolemekezeka: kuwatsutsa poyera, kusankha mapulogalamu omasuka, kapena kulemba ake monga adachitira Stallman ndi Torvalds. Njira zimenezi ndi zazitali, koma woyendamo sayang'ana kumbuyo mwamantha, ndipo tsiku limene adzalembe pulogalamu yakeyake adzatha kupempha ena kuti aulemekeze umwini wake popanda chikumbumtima kumutsutsa.

Mafunso

1. Kodi kompyuta ya bolodi limodzi n'chiyani, ndipo Raspberry Pi idapangidwa ndi cholinga chotani?

2. Fotokozani kusiyana kwa kugula njinga ndi kugula laisensi ya pulogalamu.

3. Tchulani zovuta ziwiri zimene adakumana nazo anthu amene adayesa Windows pa Raspberry Pi.

4. Kodi mlandu wa Apple ndi Psystar ukuphunzitsa chiyani pa za umwini?

5. Fanizo la kupala moto laperekedwa kenaka latsutsidwa. Fotokozani mbali zonse ziwiri, ndipo nenani imene mukugwirizana nayo.

6. Perekani matanthauzo a miyambi iyi monga yagwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi:
(a) Nyumba ya mwini saotchera mbewa.
(b) Safunsa adadya phula.
(c) Kuona maso a nkhono n'kudekha.

7. Lembani chimangirizo cha mawu osapitirira 300 pamutu uwu: "Umphawi sungakhale chifukwa chotengera cha mwini."